Zaumoyo Pakhomo: Mlungu umodzi sukonza wothamanga

Lachitatu lina masana ndili kupeta mpunga pakhonde, mwana wanga wamkazi wa Sitandade 7 anatulukira akutsimphina, milomo itauma gwa. Ndi moni womwe sanapereke. Anafikira pandowa, n'kumwa makapu atatu motsatizana, kenaka n'kudzigwetsa pamphasa.

"Kwagwanji mwanawe?"

"Amayi, atizungulitsa bwalo kakhumi. Akuti mpikisano wa sukulu za m'zoni yathu uli mlungu wamawa. Anzanga awiri asanza, wina wakomoka mpaka achita kumuthira madzi."

Nditamufunsa kuti anayamba liti kukonzekera, anati dzana. Teremu yonse nthawi ya P.E. ankabwereza masamu kapena kusesa pabwalo. Tsono masiku atathina, ana amene sanathamangepo miyezi itatu anawatulutsa dzuwa lili paliwombo, dzuwa lathu la ku Karonga kuno limene ngakhale nkhuku zimalithawa n'kukayasama pansi pa nkhokwe. M'mawa mwake mwanayo ankatsika pakhonde chobwerera m'mbuyo, ntchafu zitauma ngati nkhuni.

Ndinapita kusukuluko mtima uli m'mwamba, koma ndinabwerako nditazizira. Aphunzitsi a masewerowo ndi bambo aulemu, ndipo sanakane chilichonse. Anandikumbutsa kuti kupulayimale masiku ano P.E. siima payokha, inalowa m'phunziro la Expressive Arts pamodzi ndi nyimbo, zojambula, zisudzo ndi zosoka. Kalasi lawo ndi lodzaza, mpira ndi umodzi, ndipo makolo, ine ndemwe ndili m'gulu lomwelo, timafunsa za malikisi a masamu ndi Chingerezi basi. Anati, "Mayi, mfundo zokonzera thupi tinaphunzira kukoleji. Kungoti nthawi ikatithera timazitaya." Anatenga choko n'kuzilemba pabolodi, ine n'kukopera m'kabuku kamene ndimalembamo BP ya anthu kutchalitchi. Pobwerera kunyumba ndinkaziwerenga, n'kuona kuti sizikukamba za ana asukulu okha. Zikukamba za ife akuluakulu amene timadzidzimuka pa Sabata la zaumoyo, n'kuthamanga masiku awiri, n'kupweteka bondo, n'kusiya mpaka chaka chamawa.

Mfundo yoyamba ndi yakuti thupi limalimba pokhapokha likapatsidwa ntchito yoposa pang'ono imene linazolowera. Mawu ofunika ndi akuti pang'ono. Ukalipatsa yomweyo ya masiku onse silisintha. Ukalipatsa yochuluka kwambiri nthawi imodzi limavulala. Agiriki akale anali ndi nkhani imene ife oweta ng'ombe tingaimve msanga. Kunali katswiri wa masewera ogwetsana dzina lake Milo, wa mumzinda wa Croton kummwera kwa Italy, zaka zoposa 500 Yesu asanabadwe, amene anapambana ku Olympics kasanu ndi kamodzi. Amati ankanyamula mwana wa ng'ombe pamapewa tsiku ndi tsiku. Mwana wa ng'ombeyo ankakula, Milo naye mphamvu n'kumakula, mpaka tsiku lina anthu anamuona atasenza nkhunzi yathunthu. Mwina ndi nthano chabe, pakuti aliyense wa ku Kaporo kapena ku Mpata akudziwa kuti ng'ombe imakula msanga kuposa msana wa munthu. Koma nzeru yake ndi yoona: sanayambe ndi nkhunzi.

Madokotala anadzatsimikiza zomwezi pa odwala. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, dokotala wa asilikali a ku America, Thomas DeLorme, anali ndi asilikali ambiri ovulala miyendo amene ankachedwa kuchira. Iye ankayamba wapeza chitsulo cholemera chimene wodwala angathe kuchikweza kakhumi kokha, ndipo wodwalayo akayamba kuchipeputsa ankamuwonjezera china. Mu 1945 analemba zimene anapeza, ndipo mpaka lero ochiritsa ovulala m'zipatala amatsata njira ya mtundu womwewo. Kumudzi sitisowa zitsulo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 5 ndi makilogalamu 5, ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20. Mutha kuyamba ndi chigubu cha theka, n'kumathiramo kapu imodzi pakapita masiku.

Kuwonjezerako kuli ndi zitseko zitatu: masiku angati pa mlungu, mphindi zingati patsiku, ndi mwamphamvu bwanji. Musatsegule zonse nthawi imodzi. Ngati mlungu uno mwayenda mphindi 15 masiku atatu, mlungu wamawa wonjezani mphindi zokha, kapena tsiku limodzi lokha, liwiro lidikire. Ophunzitsa othamanga ambiri amalangiza kuti pa mlungu usawonjeze kuposa gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene unachita mlungu wathawo. Si lamulo la pa Sinai, koma limateteza mawondo. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pamene mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa imachedwa. N'chifukwa chake munthu amamva ngati ali ndi mphamvu zothamangira mpaka ku Songwe, koma chidendene n'kumukanira pa mlungu wachitatu. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika.

Kusukulu kuja kunalakwikanso china chimene Mwadiventi sayenera kuvutika kuchimvetsa. Ana aja anawathamangitsa masiku otsatizana osawapumitsa. Anthu ambiri amaganiza kuti minofu imakula pa nthawi imene ukuchita masewera. Ayi. Pa nthawiyo minofu imatopa ndi kung'ambikang'ambika mwa tizigawo tosaoneka ndi maso. Imadzikonza ukapuma, ukadya ndi ukagona, ndipo podzikonzapo imakhala yolimbirapo kuposa kale. Ululu uja umene umabwera mawa lake kapena mkuja, n'kutha pakapita masiku atatu kapena anayi, ndi chizindikiro cha ntchito yokonzayo. Mnofu umene wagwira ntchito yolemetsa umafuna pafupifupi masiku awiri usanaubwezerenso ntchito yomweyo. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafuna tulo ta maola 9 mpaka 12, wachinyamata maola 8 mpaka 10. Mnyamata amene amachezera pafoni mpaka pakati pa usiku, m'mawa n'kukathamanga, akutunga madzi m'dengu.

M'buku la The Ministry of Healing la mu 1905, Ellen White anatchula mankhwala asanu ndi atatu achilengedwe, ndipo pamndandandawo kupuma ndi kulimbitsa thupi zili moyandikana. Ine ndimaona kuti sizinangochitika. Lamulo lachinayi pa Eksodo 20 nalonso lili ndi mbali ziwiri: masiku a ntchito ndi tsiku lopuma. Enafe timasunga bwino mbali yachiwiriyo, yoyambayo n'kumaisunga titakhala pampando.

Apa wina anena kuti, ife alimi tikusowa chiyani? Funso limeneli anandifunsa mkulu wina wa mpingo wathu, bambo a zaka za m'ma 50, tsiku limene ndinawapeza ndi BP ya 158/96. Anaseka n'kunena kuti, "Mayi, ine ndinakulira m'munda wa mpunga ku Hara. Masewera ndi a ana." Ndinawafunsa kuti khasu analigwira komaliza liti. Anawerenga zala: zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Tsopano ali ndi golosale, munda amalimitsa aganyu, ndipo kuchoka kunyumba kupita kugolosale, mtunda wosakwana kilomita, amakwera njinga yamoto. M'maganizo mwawo akadali mlimi. Thupi lawo linasiya kale kukhulupirira zimenezo.

Imeneyi ndi mfundo yowawa kuposa zonse: mphamvu sizisungika ngati mpunga m'thumba. Ukasiya, zimabwerera m'mbuyo, ndipo zimabwerera msanga. Mu 1966 ku Dallas, ku America, madokotala anagoneka pabedi anyamata asanu athanzi a zaka 20 kwa milungu itatu, osawalola kuyenda. Atawadzutsa anapeza kuti mphamvu ya mtima ndi mapapo yogwiritsa ntchito mpweya yatsika kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi. Anawachititsa masewera milungu isanu ndi itatu, mphamvuzo n'kubwerera. Chodabwitsa chinadza patapita zaka 30, pamene anawayezanso ali azibambo a zaka 50: milungu itatu ija ya pabedi inali itawafooketsa kuposa mmene zaka 30 za kukula zinawafooketsera. Ndikaganiza za agogo amene timawagoneka pamphasa mwezi wathunthu atachira kale, ati powakonda, ndimachita mantha. Ngati achipatala sanaletse, adzutseni, ayende mpaka pamtengo wa mango n'kubwerera, mawa apitirire pang'ono.

Ku London nako, mu 1953, dokotala Jerry Morris anafalitsa zimene anapeza pa antchito a mabasi ndi zoyendera zina za mumzindamo pafupifupi 31,000. Madalaivala, amene ankakhala pampando tsiku lonse, ankagwidwa matenda a mtima kwambiri kuposa makondakitala amene ankakwera ndi kutsika masitepe a mabasi osanjikizana aja. Basi imodzimodzi, msewu umodzimodzi, mitima yosiyana. Ndikaima pa depoti ya Karonga ndimakumbuka nkhaniyi poona anyamata a kabaza. Amene anasiya yopalasa n'kugula yamoto ndalama zawo zakwera, ndipo sindingawadzudzule. Koma pakapita chaka mimba nayo imakhala itakwera. Ntchito imene njinga inkawachitira mwaulere tsopano ayenera kuifunafuna dala.

Musaganize kuti awa ndi mavuto a kunja. Ku Chilumba kuno kuli bungwe la kafukufuku la MEIRU, limene kale linkadziwika kuti Karonga Prevention Study ndipo linayamba ndi kufufuza za khate. Pakati pa 2013 ndi 2016 linayeza anthu akuluakulu oposa 28,000 a m'midzi ya ku Chilumba ndi a ku Area 25 ku Lilongwe. M'midzi yathuyi anapeza kuti amayi 27 mwa 100 aliwonse anali onenepa kupitirira muyeso, pamene abambo anali 9 mwa 100. Kuthamanga kwa magazi kunapezeka mwa anthu 13 kapena 14 mwa 100 aliwonse a kumudzi, osasiyana kwenikweni ndi a m'tauni. Ndipo mwa onse amene anapezeka ndi BP yokwera, oposa theka sankadziwa. Amenewa ndi anansi athu, ena timaimba nawo kwaya imodzi.

Komabe ndisanamizire alimi. Mayi amene amadzuka mbandakucha kukaoka mpunga ku Wovwe kapena ku Lufilya, n'kusenza nkhuni ndi madzi, n'kusinja, wadutsa kale muyeso umene bungwe la zaumoyo la WHO linaika mu 2020: mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu za ntchito yofulumizitsa mtima pang'ono, kuphatikiza masiku awiri olimbitsa minofu. Mayi wotere sindingamuuze kuti azithamanga; ndingamuuze kuti apume, adye mokwanira, ndiponso aongole msana. Vuto lake limabwera mpunga ukalowa m'nyumba, pamene miyezi ingapo imatha ali chikhalire pamsika. Mvula ikagwa amalowanso m'munda ndi liwiro la chaka chatha, msana n'kugwira. Ndi nkhani yomwe ija ya ana a kusukulu, kungoti yavala chitenje.

Pabolodi paja aphunzitsi analembanso kuti thupi limaphunzira chokhacho chimene ukuliphunzitsa. Msodzi wa ku Ngara amene amapalasa bwato usiku wonse ali ndi mapewa ngati chitseko, koma mukamuika pabwalo la mpira mphindi 20 apempha kutuluka. Wopalasa njinga ali ndi miyendo ndi mtima, koma mwina sangathe kugwira zala zakumapazi. Wofuna kupambana mamita 100 sakonzekera ngati wa mamita 3,000; woyambayo amafuna kuthamanga kwakufupi kwa liwiro ndi kupuma pakati, winayo amafuna mtunda wautali mofatsa. Ana aja anawazungulitsa onse mofanana, wodumpha ndi woponya yemwe. Kwa ife a pakhomo tanthauzo lake ndi lakuti tidzifunse chimene chikusowa. Telala amene amakhala pamakina akusowa kuyenda. Mlimi akusowa kudziongola. Agogo akusowa mphamvu za m'miyendo ndi kusadzandira, ndipo WHO imati opitirira zaka 65 azichita zolimbitsa kuima bwino masiku atatu pa mlungu. Kudzuka pampando osagwira ndi manja kasanu kapena kakhumi, ndi kuima ndi mwendo umodzi atagwira khoma, n'zokwanira poyambira. Fupa la m'chiuno likathyoka pa ukalamba, ambiri sadzukanso.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti wafika pa muyeso wake? Kwa Adiventi njira yake ndi yosavuta, poti timakonda kuimba. Mukamayenda ndawala, yesani kulankhula ndi mnzanu. Ngati mukutha kulankhula koma simungathe kuimba nyimbo, muli pabwino. Ngati mukuimba vesi lonse osabanika, mukungowongola miyendo, onjezani liwiro. Ngati mukulephera kumaliza mawu atatu kapena anayi osapuma, mwalowa m'ntchito yamphamvu kwambiri, imene woyamba kumene sayenera kukhalamo nthawi yaitali. Amene ali ndi wotchi atha kugwira pamkono pafupi ndi chala chachikulu, n'kuwerenga kugunda kwa mtima kwa masekondi 15, n'kuchulukitsa kanayi. Chotsani zaka zanu pa 220. Yankho lake ndi pafupifupi malire a kugunda kwa mtima wanu pa mphindi. Wa zaka 50 malire ake ndi cha m'ma 170, ndipo poyenda ndawala azikhala pakati pa theka la nambalayo ndi magawo asanu ndi awiri mwa khumi, ndiye kuti 85 mpaka 119. Masamuwa ndi ongoyerekeza, ndipo mankhwala ena a BP amachedwetsa mtima, choncho amene akumwa mankhwala adalire kuyesa kolankhula kuja.

Muyeso wa mnzako si wako. M'kalasi limodzi la Sitandade 7 muli wa zaka 11 ndi wa zaka 16, wina wadya phala, wina wabwera chosadya, wina wangomaliza kumene mankhwala a malungo ndipo magazi ake sanabwerere. Mwana amene anakomoka uja ndinamva pambuyo pake kuti anali atadwala malungo mlungu wapitawo. Makolo, tiziwauza aphunzitsi zoterezi, ngakhale pakapepala. Ndipo ndipemphe aphunzitsi ndi atsogoleri a Pathfinder chimodzi: musagwiritse ntchito kuthamanga kapena kudumpha ngati chule polanga mwana. Mwana amene waphunzira kuti kuthamanga ndi chilango, akadzakula sadzathamanganso mwakufuna kwake. WHO imati ana a zaka 5 mpaka 17 azipeza pafupifupi ola limodzi patsiku losewera mwamphamvu. Phada, fulaye, jingo, mpira wachikulunga, zonsezi zimawerengedwa, ndipo safuna kukakamizidwa kuti azichite. Amangofuna kuti tisawaletse.

Kutentha kwathu kuno nakonso kumafuna ulemu wake. Mu Okutobala ndi Novembala, nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo litapendeka. Imwani madzi musanayambe, musadikire ludzu. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Yambani ndi mphindi 5 mpaka 10 zoyenda pang'onopang'ono kuti minofu itenthe, ndipo pomaliza musangoima njii, tsitsani liwiro mpaka mtima ukhazikike. Munthu akayamba chizungulire, mutu, kusanza kapena kulankhula zosokonekera padzuwa, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi ndi kumukupiza. Ngati wasokonezeka mutu kapena sakutsitsimuka, thamangirani naye kuchipatala. Kusambira m'nyanja ndi masewera abwino a thupi lonse, koma pewani madzi odekha a m'mabango momwe mumakhala nkhono za likodzo, ndi mathiriro a mitsinje momwe ng'ona zimakonda.

Amene muli ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, yambani mwaonana ndi achipatala. BP ikafika 180/110 si tsiku lochita masewera, ndi tsiku lopita kuchipatala. Mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, imani pomwepo. Ponyamula cholemera musagwire mpweya, tulutsani pamene mukukweza. Ndipo kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala. Kumathandiza kutsitsa BP, inde, koma wochepetsa mankhwala ndi dokotala, osati inu, osatinso ine wa kabuku ndi makina a mabatire.

Mkulu wa mpingo uja anapita kuchipatala, anamuyezanso kawiri n'kumuyambitsa mankhwala. Ndinagwirizana nawo kuti njinga yamoto izitsala kunyumba m'mawa. Mlungu woyamba ankayenda kupita kugolosale kokha, pobwera n'kukwera kabaza. Wachitatu anayamba kuyenda uku ndi uku. Pofika mwezi wachiwiri anayamba kuzungulira njira ya kunyanja kuti mtunda utalike, ndipo akazi awo, amene poyamba ankawaseka kuti anthu aziti golosale yagwa, anayamba kuwaperekeza. Pano Lamlungu lililonse 5 koloko m'mawa timakumana pachipata cha tchalitchi anthu asanu ndi anayi, ena a Dorika, ena a kwaya, ndi mnansi wathu mmodzi wa mpingo wina. Timayenda mphindi 40. Nthawi ya maliro ndi ya msonkhano wa misasa gulu limabalalika, ndipo tikayambiranso timabwerera ku mphindi 25, chifukwa tinaphunzira kuti thupi silisunga ngongole ya mwezi watha.

Mwana wanga pampikisano uja anamaliza wachisanu ndi chimodzi mwa asanu ndi atatu, ndipo analira njira yonse. Teremu yotsatira aphunzitsi aja anapempha ahedi mphindi 15 asembule isanayambe, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Anayamba ndi kuzungulira bwalo kawiri, kamodzi kothamanga, kamodzi koyenda. Makolo tinasonkha ndowa ziwiri zokhala ndi zivindikiro ndi makapu. Dzulo mwanayo wandiuza kuti afika kasanu, ndipo wapempha nsapato, poti zakalezo zayamba kumuthina.